Dzanja Lomwe Linatayitsa Dziko Mendulo

Kukangoyandikira mpikisano wa mayiko a m'chigawo chathu, pa wailesi pamabwera bambo wina wa mawu onona n'kuyamba kutchula mamendulo omwe dziko lathu la Philippines lapeza pa masewera a jiminasitiki. Amayambira kalekale, nthawi yomwe tinkangopita kukaperekeza anzathu, mpaka kufika pa anyamata a masiku ano obwera ndi golide m'khosi. Zonsezo ndilibe nazo mawu. Koma akafika pakati amatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Panalinso golide wina wa atsikana yemwe anatipulumuka chifukwa cha dzanja la mayi wina wa ku Bacolod." Akangotero ine ndimazimitsa wailesiyo, nthawi zina ndi chibakera.

Mayi wina! Mayiyo ali ndi dzina. Ndi a Consorcia Tupas, akulu anga bere limodzi, omwe aliyense kuno amawatchula kuti a Manang Sorsing, poti Manang ndi momwe timaitanira mkulu wamkazi. Ine ndine Milagring, telala, ndipo zovala zonse zomwe atsikana awo ankavala popikisana ndinkasoka ndine. Zomwe ndikunenazi si za m'maluwa, ndinaziona ndi maso angawa.

Tinabadwira m'munda wa nzimbe wa eni ake, bambo athu akudula, ife tikusenza. A Manang anakula ndi mapewa ngati a mwamuna. Kusukulu atayamba jiminasitiki ankafunitsitsa kuuluka ngati anzawo, koma mphunzitsi anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuwauza kuti, "Iwe thupi lakoli silouluka. Ima pansi apa uzigwira anzako." Analira sabata yathunthu, ndinkawamva ndine pamkeka. Atamaliza kulira anakaima pansi pa mpiringidzo, ndipo ndi pomwe akhala moyo wawo wonse.

Kwa amene simunaonepo, atsikana amasewera pa mipiringidzo iwiri, wina wam'mwamba wina wam'munsi. Amazungulira atagwira ndi manja, kenako amautaya mpiringidzo uja, kuchita chipidigori m'malere n'kuugwiranso. Akaphonya ndiye kuti wabwera pansi, kaya ndi msana kaya ndi mutu. Ku Manila ana amaphunzirira pamwamba pa dzenje lodzaza masiponji. Kwathu kunalibe zimenezo. Tinali ndi matiresi omwe ndinasoka ndekha ndi masaka a shuga, n'kufutsiramo mankhusu a mpunga. Dzenje la masiponji la ku Bacolod anali a Manang.

Mphuno yawo inapindika ndi chidendene cha mwana. Dzino lakutsogolo linachoka ndi bondo la mwana wina. Zala zawo palibe chowongoka. Kunabwerapo bambo wina woyendetsa jipini, timabasi ta kuno, kudzafunsira mbeta, koma atangopatsana moni wa m'manja, bamboyo anapita osabweranso, ndipo mpaka lero a Manang amaseka kuti ndiye mwana yekhayo amene anawapulumuka m'manja.

Mwana aliyense asanakwere, ankatenga dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi pake, monga timachitira kwa akulu. Ndipo mayi aliyense wobwera ndi mwana wake koyamba ankamva mawu amodzimodzi: "Mwabwera naye akuyenda ndi miyendo yake, mudzamutenga akuyenda ndi miyendo yake." Sankalonjeza mendulo kapena ulendo wapandege.

Marichu anabwera ali kamwana, mayi ake ogulitsa nsomba kumsika atamukoka dzanja chifukwa ankakwera madenga a anthu. Koma kamwana kamakani inu! Akagwa ankadzuka asanamve n'kupweteka komwe. A Manang akamugwira ankakalipa, "Ndisiyeni, ndikanagwira ndekha!" Iwo n'kumayankha, pomutchula Inday monga timaitanira mwana wamkazi kuno, "Eya, Inday, ukanagwira pansi ndi mano." Anakula m'manja mwawo mpaka kukhala mtsikana woposa onse m'dziko muno pa mipiringidzo. Atamusankha m'gulu la dziko anakanitsitsa kuti sakwera popanda a Manang pansi, choncho akuluakulu anawatenga nawonso. Chaka chimenecho mpikisano unali m'dziko lathu lomwe lino, ku Manila, ndiye nanenso ndinakwera sitima ya pamadzi ndi singano zanga.

Pali lamulo lomwe muyenera kulidziwa. Pa mpikisano mphunzitsi amaloledwa kuima pafupi mtsikana akamataya mpiringidzo, koma akangomukhudza, ngakhale ndi chala, oweruza amadula malikisi ndipo chipidigori chonsecho sichiwerengedwa. Mtsogoleri wa gululo, bwana Dionisio, anawakumbutsa a Manang m'mawa wa tsikulo ine ndili pomwepo ndikusoka lamba wa chovala cha Marichu.

"Mayi, kuno si ku Bacolod. Manja kumbuyo."

"Ndamva, bwana."

"Mwamva kapena mwavomera?"

"Ndamva," anatero a Manang akupaka choko pa mpiringidzo.

Marichu anali womaliza kukwera. Omwe ankamuopseza anali atalakwitsa kale, moti ankangofunika kumaliza bwino basi, golide n'kukhala wathu. Atsikana athu anali atakhala zaka zambirimbiri akungoombera m'manja anzawo a mayiko ena, ndiye holo yonse inali chilili, mbendera petupetu. Mwanayo anatenga dzanja la a Manang, kuligunditsa pamphumi, n'kudumphira m'mwamba. Anazungulira, anazunguliranso, anataya mpiringidzo, anapidiguka. Manja ake akufika pa mpiringidzo, mkono wa a Manang nawo unafika m'chiuno mwake, gwi!

Holo yonse inangoti zii. Kenako kunabuka kukuwa komwe sindidzakuiwala, anthu a mtundu wako womwe akukukuwiza ngati wakuba pamsika. Zala za Marichu zinali pa mpiringidzo, zimenezo sindingakane, aliyense anaziona. Anamaliza masewerawo misozi ili chuchuchu, malikisi anatuluka, golide anapita kwina, iye sanapeze ngakhale mendulo yamkuwa.

Kuchipinda chovalira a Manang anamutambasulira dzanja monga mwa masiku onse. Marichu analikankha.

"Ndinali nditagwira! Mwandigwiriranji? Ndinali nditagwira, Manang!"

"Dzanja lako lamanzere linachedwa, Inday."

"Silinachedwe! Mwandiphera moyo wanga wonse!"

A Manang anatola thaulo lomwe mwanayo anaponya pansi n'kulipinda.

Bwana Dionisio sanali munthu woipa, ndisawasemere chinyau. Anali atavutikira gululo zaka zambiri, kupemphetsa nsapato, kupemphetsa malo ogona, ndipo tsiku limenelo ndinawaona akulira kuseri kwa chitseko. M'mawa mwake anawaitana a Manang, nane ndinalowa nawo osaitanidwa. Anaika kanema wa masewerawo, n'kumamubwereza pang'onopang'ono. Ukayang'ana koyamba unkaona mwana atagwira. Ukayang'ananso unkaona dzanja lamanzere litangokhudza ndi nsonga za zala. Palibe amene akanalumbira.

"Mayi, ndiuzeni zoona," anatero bwanayo. "Akanagwira kapena sakanagwira?"

"Mwina akanagwira."

"Mwina! Mwamva nokha. Ndiye atolankhani ali panjapo. Mukangonena kuti munachita mantha, munalakwitsa, mukupepesa dziko, nkhani yatha. Ntchito yanu ikhalapo. Mukakana, ine sindingathe kukutetezani, pa mpiringidzo wa gulu la dziko simudzaimanso."

Ine ndinkadziwa kuti kuwachotsa pamenepo kunali ngati kuwadula manja omwewo. A Manang anayang'ana zala zawo zopindikazo nthawi yaitali.

"Bwana, kupepesa ndiye kuti mawa ndikaona zomwezo ndidzaika manja kumbuyo. Ndingakunamizeni. Ndidzagwiranso."

"Ngakhale mukukayika?"

"Makamaka pamene ndikukayika. Akanaphonya akanabwera ndi khosi. Mendulo mudzapeza ina, bwana, dziko silitha. Khosi ali nalo limodzi, ndipo mayi ake ndinawalonjeza."

"Dziko lonse likukutukwanani, mayi."

"Litukwane. Dziko silinabwere naye kwa ine atamugwira dzanja."

Anatuluka pakati pa atolankhani aja mutu uli m'mwamba, ine pambuyo ndikugawa zigongono. Wina anafuula, "Mayi, muli ndi mawu kwa mtundu wathu?" A Manang anati, "Ndipatseni njira, sitima indisiya."

Kwathu nako sikunali kophweka. Anawachotsa ngakhale pa holo ya mzinda pomwe anaphunzitsa kuyambira utsikana wawo. Kumsika anyamata osaphunzitsidwa mwambo ankaponya bonongwe m'mwamba n'kumakuwa, "Manang, gwirani, dziko likugwa!" Ine ndinkafuna kuwathira madzi a nsomba, koma iwo ankangoyankha, "Iwe ukadzagwa ndidzaika manja kumbuyo, usadandaule." Mayi ake a Marichu sananenepo kanthu, kutukwana ayi, kuthokoza ayi. Tikagula nsomba ankangoponyamo ina yapamwamba maso ali kumbali.

Chomwe chinapweteka koposa n'choti mwayi uja sunabwerenso. Chaka chotsatira Marichu anavulala bondo akutera pansi, ku Manila komweko, ndipo masewera anathera pomwepo. Anawoloka nyanja kupita ku Iloilo, anakhala mphunzitsi wa sukulu, anakwatiwa, osatiitana. Akabwera kudzaona mayi ake ankadzera msewu wina. A Manang ankadziwa tsiku lomwe wafika ndi lomwe wabwerera, koma sanatume munthu. Ndinawafunsapo tikudya phala la mpunga kuti, "Manang, simumadandaula?" Anati, "Ndimamusowa. Kudandaula ndi nkhani ina." Anapitiriza kudya.

Musaganize kuti anakhala pansi. Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli nyumba yakale yosungiramo shuga, denga lake lodontha. Anakapempha kwa abambo mfumu, anapeza wowotcherera zitsulo, ine ndinasokanso matiresi. Makolo ambiri ankaopa kubweretsa ana kwa mayi wotayitsa dziko mendulo, koma ana a odula nzimbe sasankha, anabwera. Ena mwa iwo anafika mpaka ku Manila, kumene ankawauza kuti asamatchule amene anawaphunzitsa. Ankatchulabe.

Chaka chatha, m'mawa wina mvula itangokata, ndinali pakhomo la nyumba ya shuga ija ndikuzigamba matiresi. Ndinaona mayi wovala bwino akubwera, akutsimphina pang'ono, atagwira dzanja kamtsikana kowonda kokhala ndi mabala m'mawondo. Singano inandibaya. Anali Marichu.

Anaima pakhomo osalowa. A Manang anali atagwada akumanga chingwe cha mpiringidzo. Anadzuka pang'onopang'ono, poti msana nawo wayamba kukana, n'kupukuta choko pa siketi.

"Wanenepa, Inday."

"Inu mwakalamba, Manang."

Palibe anaseka. Kamtsikana kaja kanali katayamba kale kuyang'ana mpiringidzo ngati mphaka waona nsomba.

"Musaganize kuti ndabwera kudzanena kuti munalondola," anatero Marichu. "Ndikanagwira. Mpaka lero ndimalota ndikugwira."

"Mwina ukanagwira."

"Osati mwina!"

"Mwina," anatero a Manang, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinati basi, zayambikanso, ndinayamba kulongedza ulusi wanga.

Marichu anapuma mozama n'kukankhira mwana uja kutsogolo. "Uyu ndi Tinay. Amakwera madenga. Ku Iloilo kuli holo yabwino, ya masiponji ndi zonse, aphunzitsi ake ophunzira kunja. Ndinapita naye. Ndinaima pamenepo ndikumuyang'ana ali m'mwamba, mphunzitsi manja ali kumbuyo..." Anatembenukira kwa a Manang. "Azikhala kwa agogo ake. Ndikufuna aziphunzira kuno."

A Manang anamuyang'ana mwanayo, kenako mayi ake.

"Udziwiretu, Inday. Sindinasinthe. Kaya ndi kuno, kaya ndi ku Manila, kaya dziko lonse laimirira ndi mbendera, ndikangokayika ndidzamugwira."

"Ndikudziwa," anatero Marichu, misozi ikutsika koma nkhope ikadali yokwiya. "Mukuyesa ndawolokera nyanja chiyani?"

Tinay anatenga dzanja lopindika lija n'kuligunditsa pamphumi pake. Mayi ake sanatero, ndipo a Manang sanawatambasulire. Marichu anakakhala pa saka la mankhusu pambali panga, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. A Manang anamukweza mwanayo pa mpiringidzo wam'munsi, n'kuima pansi pake manja ali kutsogolo.