A malume asuntha nthawi, pulogalamu yakana

Moni nonse, imvani za lero.

Pulogalamu ija ndinawapangira a malume a Saidi, yolandirira maoda a mpunga pa intaneti, yakana kugwira ntchito m'mawa uno. Ukalemba pasiwedi, ikukutulutsa pompo. Andiitanitsa ku shopu kwawo ku Chia n'kundinyoza pamaso pa makasitomala: "Iwe sukulu unaithawa, ichinso chakukanika. Bweza laputopu ndinakubwereka ija, ukagwire khasu ku Kanyenda."

Ndakhala pansi n'kuwerenga khodi yonse ya pulogalamuyo mzere ndi mzere, osapeza cholakwika. Ndayesa pa foni yanga, ikutseguka bwinobwino. Apo ndadziwa kuti vuto lili pa kompyuta ya m'shopumo.

Kuyang'ana pakona ya sikirini, nthawi ili patsogolo ndi ola lathunthu! Nditawafunsa, ayankha mosatekeseka: "Ndinasuntha ndine dzulo, kuti ndisamachedwe ku swala ya Lachisanu ku mzikiti."

Pulogalamuyi imayang'ana nthawi ya pa kompyuta. Ikakhala patsogolo, imaona ngati chilolezo chako cholowera chatha kale, ndiye imakuthamangitsa. Ndabweza nthawi m'malo mwake, yatseguka, maoda onse ali momwemo.

Mukuganiza kuti apepesa? Akuti ndiisunthirenso kutsogolo, pulogalamuyo izolowera yokha. Ndakana, ndipo laputopu sindibweza, chifukwa ntchito yanga ilibe vuto.

Tsono ndikufuna kutseka posinthira nthawi ndi pasiwedi yodziwa ine ndekha. Amayi, alongo anuwa mumawadziwa ndinu. Nditseke lero lomwe, kapena mukufuna muwagulire kaye wotchi ya pakhoma, azisuntha imeneyo mmene angafunire?