Munda wa Hyuji wa ku Rivirivi

Sukulu ndinaisiyira sitandade faifi. Sikuti mutu unali wouma, iyayi. Kabudula anang'ambika kumbuyo, ndipo m'kalasi atsikana ankakhala kumbuyo kwanga. Komabe ndisanachoke ndinatolako kanthu kamodzi. Aphunzitsi anatiuza tsiku lina kuti Azungu alibe liwu limodzi lonenera chinthu chachikulu. Mbuzi yonenepa ndi bigi. Ng'ombe ndi laji. Njovu za ku Liwonde ndi hyuji. Mapiri a Chikala aja ndiye enomasi. Ine ndinaimika dzanja n'kufunsa kuti mawu onsewa ndi antchito yanji, poti chinthu chachikulu chimaoneka chokha. Yankho ndinalandira kumatako, pomwe panali pong'ambika paja.

Kwathu kuno, kufupi ndi Ntaja, timachita mosiyana. Munthu akakolola chimanga chodzaza nyumba mpaka ana kumagona pakhonde, ukamufunsa amayang'ana pansi n'kunena kuti, "Aa, tatolako pang'ono, kaya tifika nako kudzinja." Akanena kuti chaka chino ndiye kulibiretu, dziwani kuti akufunsa kale mtengo wa malata. Ukangolakwitsa n'kunena kuti wapeza zambiri, mawa lake abale amene sunawaonepo amatulukira pamsewu, aliyense ndi thumba lopinda m'khwapa, ati angodzakuona. Ndiye ine ndinakula ndikudziwa kuti mwini chinthu chachikulu amachichepetsa ndi pakamwa. Wochikulitsa ndi pakamwa, ameneyo ndimamuyang'ana kawiri.

Mwana wamkazi wa achemwali anga anapita ku Balaka kukaphunzira kusoka. Anabwerako ndi zinthu ziwiri, makina osokera ndi mnyamata. Ine monga malume wake, nkhani ya ukwati inagwera pa ine. Mwambo wathu ndi woti mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, timamupatsa malo, n'kumamuonera patali mmene akugwirira khasu. Koma uyu ankafuna chitengwa, kuti amutenge mtsikana akakhale naye kwawo ku Rivirivi. Apa ndiye panali nkhani. Mtsikana akachoka, gawo lake la munda kuno limalowa m'manja mwa ena, ndipo siliyamba labwerera mwamtendere. Zikakavuta uko, amabwera ndi mwana kumbuyo, ndowa pamutu, polima palibe.

Mnyamata anafika Lamlungu atavala nsapato zosongoka ngati mphuno ya kafumbwe. Tinamupatsa mpando, achemwali anawiritsa tiyi.

"Za malo musadandaule, ankolo," anatero. "Munda wathu ndi bigi."

"Bigi ngati mbuzi?" ndinafunsa.

Anaseka, akuganiza kuti mkuluyu sakumva. "Iyayi, ankolo. Tinene kuti ndi hyuji."

Ndinaika kapu pansi. Munthuyu walumpha ng'ombe, wafika pa njovu, buledi tisanaduleko n'komwe. Ndinamufunsa za chimanga, akuti pulente. Nandolo, akuti pulente. Pamene tiyi ankazizira, munda unali utafika enomasi, ndipo ndinayamba kuopa kuti tikamuwiritsira wina ufika mpaka ku Mozambiki.

Achemwali anali kungomwetulira, Chingelezi chikuwalowa ngati nyimbo ya kutchalitchi. Mtsikana, amene amandidziwa, anandinong'oneza potenga makapu, "Amalume, musayambe zanu zija."

Chimene chinandisokoneza ndi manja ake. Potsanzikana ndinawagwira nthawi yaitali dala. Anali okhakhala, a munthu wodziwa mpini. Wabodza wa manja ofewa ndimamudziwa pomugoneka. Uyu ndiye sindinadziwe pomuika.

Sindinauze munthu. Ndinakwera minibasi ya ku Liwonde, ina ya ku Balaka, kenako kabaza wa njinga amene anandigwedeza mpaka mano otsalawa kuwerengana okha. Pamudzi wawo ndinafika ngati munthu wofuna mbewu ya nandolo. Ndinapeza mayi wachikulire atakhala pamkeka akutonola chimanga, amayi ake a mnyamata uja, nkhope yake yomweyo.

"Mwakolola bwanji chaka chino, mayi?"

"Aa, bambo, kukolola kwake kuti? Tatolako toti ana asalire."

Ndinasuzumira kumbuyo kwawo. Chitseko cha nyumba chinali chosatsekeka chifukwa cha matumba. Mayi wolankhula chonchi ndi mwini zinthu weniweni. Ndiye kuti mnyamata ananena zoona, ine ndaononga mafupa anga pa kabaza pachabe.

Komabe poti ndinali nditafika kale, ndinapempha kuti ndione nandolo ali m'munda. Tinatsetsereka. Munda unalidi munda, kuyambira kumsewu mpaka kumtsinje, woti kuuzungulira n'kumva ludzu. Koma m'kati mwake munali mizere ya chinangwa yoongoka bwino, yodula mundawo m'zigawo, ndipo chinangwa chobzalidwa choncho si chakudya, ndi malire.

"Apa ndi pa mwana wanga woyamba ndi mwamuna wake," anatero mayi aja akuloza ndi chitsononkho. "Uko kwa wachiwiri. Kumunsi uko kwa mng'ono wanga ndi ana ake aakazi."

"Wamwamuna mulibe?"

"Alipo, wa Chingelezi uja. Amalima pachulu apo, pobwereka. Mwana wamwamuna munda ausowa kuti? Akakwatira akalima kwa mkazi wake."

Ndinapita pachulupo. Malo ake anali oti mbuzi yomangirira chingwe ingathe kudya ponseponse osadzuka m'mawa. Koma mapesi ake anali onenepa kuposa a munda wonse, mizere yoongoka, udzu palibe.

Potembenuka ndinapeza mayi aja akuyang'ana jekete yanga, imene ndimavala kumaliro ndi kumilandu yokha.

"Inu si a nandolo inu," anatero. "Ndinu a ku Ntaja. Mwana wangayo wakakuuzani chiyani?"

"Akuti munda wake ndi enomasi, akufuna chitengwa."

"Mawuwo sindikuwadziwa. Koma alongo ake akangomva kuti akubweretsa mkazi m'munda muno, amuthyola miyendo yonse iwiri." Anandipatsa nandolo wodzaza chipewa, n'kunena kuti popeza ndinanamizira nandolo, ndimunyamule.

Mnyamata atabweranso ndinamuitanira pansi pa mtengo wa mango, mtsikana ali pomwepo.

"Mwana wanga, munda ndakauona. Sunaname, ndi hyuji ndithu. Koma tandithandiza, poti ine sukulu inandikana. Pachulu paja Azungu amapatchula kuti chiyani?"

Anayang'ana nsapato zake zosongoka. Kenako anati, "Ndinkaganiza kuti ndikakwatira andigawira."

"Unawafunsa alongo ako?"

Anangokanda dothi ndi nsonga ya nsapato. Ndinamuuza kuti chitengwa ndakana. Ngati akumufuna mtsikana, abwere kuno, malo alipo kudambo, ndipo manja ake ndawaona ntchito yake.

Anachoka osamwa tiyi. Mtsikana anasiya kundipatsa moni. Ankangopalasa makina ake mwaukali, ndipo malaya anga amene ndinampatsa kuti asoke kolala anabwera mabatani onse atachotsedwa. "Mwandichititsa manyazi, amalume," anatero. "Akapanda kubwera, mundikwatira ndinu?" Masabata anadutsa kuli zii, inenso ndinayamba kukayika ngati mphuno yangayi sinandipititse patali.

Mnyamata anabwera mvula yoyamba itatsala pang'ono, pa kabaza, khasu atalimangirira kumbuyo, kuphazi kuli patapata.

Tsopano ali ndi ana, ndipo "ankolo" uja anasiya, amati amalume ngati munthu. Chaka chino nditaona ngolo ikupita kudambo n'kubwerera, kupitanso n'kubwerera, ndinadutsira pakhomo pake ngati ndikupita kwina.

"Akamwini, mwakolola bwanji?"

Anayang'ana pansi, n'kukanda m'mutu. "Aa, amalume, chaka chino ndiye kulibiretu. Tatolako pang'ono."

Pachitseko cha chipinda chakumbali panali loko watsopano, wonyezimira. Ndinamupepesa kwambiri chifukwa cha tsokalo, n'kubwerera kunyumba kukapinda thumba langa.