Mkanda Woyera wa Papa

Anzanga, Renzo ndinakumana naye pa geti la kalabu yathu ku Bacolod, mlonda akumukaniza kulowa chifukwa anavala malaya opanda kolala. Anabwera kudzasewera tenesi ndi msuweni wanga, koma msuweniyo anali atachedwa. Ine ndinatsitsa galasi la galimoto n'kuyamba kumuseka.

"Mukuseka m'mphawi, madamu?" anatero, nayenso akuseka.

Umphawi wake uti? Bambo ake ali ndi malole onyamula nzimbe dera lonse lino. Kungoti kalabu yathu siwerenga malole. Ndi ya mabanja a minda ya nzimbe, omwe agogo awo ankasambira m'dziwe lomwe lija. Olemera dzulodzuloli amati amanunkha dizilo.

Ndinamulowetsa ngati mlendo wanga tsiku limenelo, Loweruka lotsatira chimodzimodzi, mpaka operekera zakudya anazolowera kutibweretsera nkhuku yootcha mbale ziwiri osafunsa. Ndinamukonda mopusa, sindibisa. Azimayi osewera mahjong pakhonde ankatiyang'anira pamwamba pa magalasi awo, ine n'kumagwira dala dzanja lake kuti atsamwe nawo khofi wawoyo.

Koma mlendo ndi mlendo. Salowa m'chipinda chachikulu chodyera, ndipo ku madansi a kalabu saitanidwa. Tsiku lina tili m'mbali mwa dziwe Renzo anausa moyo.

"Pia, ndatopa kulowa pa dzina lako ngati kagalu konyamulidwa m'manja. Ndikufuna tsiku lina ndidzalowe pa dzina langa, mkazi wanga ali pambali panga."

Ine pamenepo ndinamva ukwati wanga. Inu mukanamva chiyani?

Kuti ukhale membala, mamembala awiri akale ayenera kukuimira. Kenako komiti imakuitana kukakufunsa mafunso, ikatha imaponya mikanda m'bokosi. Ukagwa mkanda wakuda umodzi wokha, basi wakanidwa, ndipo amene anakuimira amayenda atazyolika chaka chonse.

Papa ali m'komitiyo. Poyamba anakana kwamtuwagalu. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, mpaka Mama anawauza kuti angomuimira mnyamatayo m'nyumba mukhale mtendere. Wachiwiri anali malume anga, Tito Berting, omwe ndinawanyengerera ndi keke.

Tsiku la mafunso Papa anabwerako madzulo. Nditawafunsa anangoti zayenda bwino, n'kulowa kuchipinda. Patapita masabata angapo tinamva kuti mikanda yonse yagwa yoyera. Ndinavina ndekha m'khitchini ndipo mawa lake ndinakasoketsa diresi latsopano.

Mamembala atsopano amalandiridwa pa nkhomaliro ya Lamlungu. Mwambo wake, amene anakuimira amaimirira n'kukutchula pamaso pa onse, pamodzi ndi mkazi wako kapena amene ukudzakwatira, chifukwa khadi la membala limalowetsa anthu awiri. Renzo anandiuza kuti tikakumana komweko. Usiku wa Loweruka ndinayeserera pagalasi kaimiridwe kanga, kuti Papa akadzatchula dzina langa ndisadzaoneke wotengeka.

Renzo analowa atavala kolala yowongoka bwino, mtsikana wina atamukolowekera dzanja. Ndinadziuza kuti ndi mlongo wake. Renzo alibe mlongo...

Papa anaimirira, anagogoda tambula ndi supuni.

"Tilandire Bambo Lorenzo Pabiona, pamodzi ndi Trina wochokera ku Cebu, yemwe akwatirana naye mu Disembala muno."

Mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono. Anthu anaomba m'manja, koma maso onse anali pa ine. Mama ananditsina pansi pa tebulo.

"Mwetulira iwe. Ukalirira kunyumba."

Ndinamwetulira, anzanga. Ndinaombanso m'manja ngati chitsiru.

Atatha kudya, Renzo ndi Trina anayenda tebulo ndi tebulo kupereka moni, mpaka anafika pa lathu. Trina anandigwira manja onse awiri, akuti Renzo amanditchula kwambiri, akuti ndine wamtima wabwino, ndinamuthandiza ngati mlongo wake weniweni. Renzo mwini wakeyo ankayang'ana duwa la patebulo. Anangoti zikomo pa zonse.

Tita Meding, mkulu wa azimayi a mahjong aja, anadikira kuti achoke n'kundisisita phewa.

"Diresi lokongola bwanji, mwanawe! Ukulowa muja ine ndimayesa mkwatibwi ndiwe."

M'galimoto ndinawafunsa Papa kuti anadziwa liti. Sanazungulire. Anati lamulo limafuna kuti wopempha umembala abwere ndi wodzakhala mkazi wake komiti imuone, ndiye Renzo anabwera ndi Trina tsiku la mafunso lija. Tito Berting nawonso ankadziwa. Komiti yonse inkadziwa, ndiye kuti akazi awonso ankadziwa, ine ndili kalikiliki kwa telala.

"Ndiye mkanda wakuda munalibe, Papa?"

"Munthu ndamuimira ndekha, ndimuponyerenso wakuda? Akanagwa iyeyo, dzina logwa likanakhala langa."

"Nanga kungondiuza?"

"Ukanabwera ku nkhomaliroyi? Mpando wako ukanakhala wopanda munthu, anthu n'kumalankhula."

Mama anaonjezera kuti ndisaiwale amene ananyanyala chakudya kuti mnyamatayo aimiridwe. Kenako anauza dalaivala akweze wailesi.

Renzo ndamusiya, wakuba amaba basi. Anandiona ngati geti, wadutsa, wapita. Chimene chikundidya ndi chakuti lamulo limati woimira azitsogolera membala watsopano chaka choyamba, ndiye Loweruka lililonse Papa amasewera naye gofu. Amabwerako akuseka, akuti mnyamatayo dzanja lake likuwongoka. Amanena zimenezi patebulo, akundipatsira mpunga.

Anzanga, wakunja akakupusitsa umamutsekera chitseko n'kupuma. Nanga bambo ako okubereka ungawatsekere chitseko chiti?