Maso a Noella

A Elwin Desrochers anasalaza misewu yafumbi ya tauni ya Tillotson, kumpoto kwa Vermont, kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Koma mukafunsa anthu akumeneko, za gireda yosalazira misewuyo sangakuuzeni. Angakuuzeni kuti ndi bambo aja odziwa tsiku la masamba.

Seputembala akafika pakati, a ku ofesi yoona za alendo ankawaimbira foni Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, kufunsa kuti mitengo ya mapulo yafiira kufika pati, ndipo ifika pachimake liti. Zimene a Elwin anena zinkamveka pa wailesi, ndipo anthu a ku Boston ndi ku New York ankapempha tchuthi kuntchito potsata mawu amenewo, kuti adzaone mapiri atafiira. Masamba sadikira munthu. Ukafulumira sabata imodzi upeza mapiri obiriwira, ukachedwa upeza nthambi zokhazokha. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, a Elwin sanaphonyepo ndi masiku opitirira awiri.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti chibadwire maso awo sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Anabisa ali mwana poopa kusekedwa, anabisa atakula poopa kuchotsedwa ntchito. Anawatulukira ndi akazi awo, a Noella, chaka choyamba cha ukwati, atawatuma kudimba kukathyola tomato wakupsa, iwo n'kubwera ndi dengu lodzaza ndi wosapsa.

Ntchito ya masamba anawapempha pagulu, pamsonkhano wa tauni, ati poti inu mumayenda misewu yonse. Manyazi anawagwira pakamwa, anangovomera. Atafotokoza kunyumba, a Noella anaseka mpaka misozi.

"Ndiye asankha gonthi kuti aziimbitsa kwaya!" anatero. "Chabwino. Iwe uziyendetsa galimoto, kuona ndiziona ine."

Ndipo zinkaterodi. Lolemba ndi Lachinayi, a Noella akaweruka kukhitchini ya pasukulu, awiriwo ankakwera misewu yam'mapiri. "Ima apa," ankatero mayiwo. "Kunsonga kwapsa, kumunsi kukadali. Lemba theka." A Elwin ankalemba m'kope.

Koma chaka china, mu Juni, a Noella anagwa akuyanika zovala. Sitiroko inapha mbali yakumanja n'kuwalanda mawu. Anatsala ndi liwu limodzi, "ayi", ndipo ankalinena pa chilichonse, pokana ndi povomera pomwe. Anawagoneka kunyumba yosamalira okalamba, ulendo wa mphindi makumi anayi kuchokera ku Tillotson, ndipo a Elwin ankapita masana aliwonse kukawadyetsa.

Kumayambiriro kwa Seputembala kunabwera foni ya a Glenda Philbrick, eni nyumba yogona alendo m'tauniyo.

"A Elwin, ndili ndi okalamba makumi anayi a mpingo wina wa ku Ohio. Akhala akukonza ulendowu zaka ziwiri. Basi yawo ingabwere pa 26 Seputembala kapena pa 6 Okutobala. Ndiwauze liti?"

Apa mpamene a Elwin akanaulula. M'malo mwake anatsegula makope akale, n'kuona kuti zaka zambiri pachimake pankagwa sabata yoyamba ya Okutobala.

"Auzeni pa 6," anatero.

Koma mvula inali itavuta miyezi yonse yotentha, ndipo chisanu chinabwera msanga. A Elwin anayenda okha misewu ija, kuima pamalo omwewo, kuyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Mapiri onse ankangooneka ngati dothi. Anaona masamba ouma atayamba kale kuwunjikana m'ngalande, mtima n'kuwauza kuti pali cholakwika. Komabe foni ya Lachisanu italira, anawerenga za m'kope lakale: angoyamba kumene.

M'mawa mwake, kulesitilanti ya pamphambano, anapeza a Burton Amidon, mlimi wa ng'ombe za mkaka amene anakulira nawo limodzi, akuthira manyuchi a mapulo pa mapanikeke.

"Iwe Elwin, wailesi ikuti kuno angoyamba. Phiri lake liti limenelo? Langa lija likuchita kuyaka moto, ng'ombe zikuopa kutuluka m'khola!"

Anthu anaseka.

"Samala za ng'ombe zakozo, nkhalamba iwe," a Elwin anayankha, akuyesa kusekera limodzi.

"Ndagula magalasi atsopano. Ndikubwereke?"

A Elwin khofi sanamumalize. Anakwera mapiri atatu, kuthyola masamba paliponse, n'kupita nawo kwa a Noella m'thumba lapepala. Anawayala pabulangete.

"Noella, taona. Afika? Ngati afika, finya dzanja langa."

A Noella anatola tsamba limodzi ndi dzanja lamanzere, kulitembenuza, kenako n'kugwira dzanja la amuna awo mwamphamvu. Koma ankalifinya choncho tsiku lililonse iwo akangofika.

"Ayi," anatero, misozi ikutsika. "Ayi, ayi."

Namwino analowa kudzasintha pilo. A Elwin akanatha kumufunsa funso lapafupi: mayi, tsambali ndi lamtundu wanji? Koma sanafunse. Namwino anatuluka.

Pa 2 Okutobala kunayamba mvula yamkuntho, ndipo inagwa masiku awiri osalekeza. Itakata, misewu inali yoterera ndi masamba onyowa, m'mitengo mulibe kanthu.

Basi ya ku Ohio inafika tsiku lake. A Elwin akanatha kubindikira kunyumba, koma anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita okha kwa a Glenda. Okalamba aja anali atadzaza pakhonde, makamera ali m'khosi, akuyang'ana phiri lotuwa.

"Bambo, mwina kuseri kwa phirilo atsalako?" anafunsa mkulu wina woyendera ndodo.

"Kulibe. Athothoka konse."

Mayi wina wowonda, amene ankapumira m'kapaipi kapamphuno, anawamwetulira. "Musadandaule, nthambi nazonso n'zokongola. Amuna anga anabwera kuno ali msilikali, ankangokamba za mapiri ano mpaka kumwalira. Ndimati ndione ndekha ngati sankanama." Anapuma kaye. "Za chaka chamawa sindikudziwa."

A Elwin anavula chipewa. Anapita kukhitchini, kumene a Glenda ankasenda maapozi ngati akulimbana ndi mdani. Anawauza zonse ali chiimire: za maso, za makope, za amene ankaonadi masamba.

A Glenda anaika mpeni pansi.

"Za masozo si mlandu, a Elwin, simunadzilenge nokha. Koma mukanandiuza mwezi wathawu, ndikanangotuluka panja n'kuyang'ana ndekha. Ndinaona phiri likufiira, ndinati a Elwin akudziwa zimene ine sindikudziwa." Anapukuta manja. "Ndiye zaka zonsezi tinkakuwomberani m'manja inu, Noella ali pambali akutsuka mbale? Simunatchulepo dzina lake ngakhale kamodzi?"

"Iyeyo sankafuna."

"Munamufunsa?"

Zoona zake n'zakuti a Elwin anali asanawafunsepo.

Lachiwiri foni ya ku ofesi italira, ananena kuti ntchitoyo aisiya. Anapempha kuti m'mabuku mwawo alembe kuti zaka zonsezo woona masamba anali Noella Desrochers. Mayi wa pafoniyo anayankha mwaulemu kuti iwo salemba mayina, amangolemba dera, ndipo anafunsa ngati akudziwa wina amene angalowe m'malo. A Elwin anatchula mayi wogawa makalata.

Nkhani inafala tauni yonse sabata isanathe. Palibe anawaseka. Kulesitilanti a Burton anayamba kuwakokera mpando ndi kuwafunsa za nyengo mwaulemu, ngati mlendo, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa chipongwe. Anasiya kupitako.

Kwa a Noella anatenga masiku atatu kuti alimbe mtima. Anawauza akuwadyetsa phala, maso ali m'mbale: za basi, za mayi wa kapaipi, za funso la a Glenda. A Noella anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakankha supuni ndi dzanja lamanzere n'kutembenukira kukhoma. A Elwin anakhala pomwepo mpaka phala linazizira, osadziwa ngati akazi awo akwiyira bodza lija kapena kuulula kwake.

Mawa lake anabweranso nthawi yomweyo. A Noella anadya theka la mbale, koma sanawagwire dzanja.