Ulaliki Umene Ndinamasulira Amayi Ali Pa Benchi Yachiwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene anandiimika kutsogolo kwa tchalitchi chathu ku Kanyama kuti ndizimasulira ulaliki. Abusa ankakonda kulalikira m'Chingerezi, chonsecho mpingo unali wodzaza amayi ogulitsa tomato ndi makala. Ine pakamwa panali pothwa, ndipo kunena zoona ndinkayenda modzimva.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali ba Chanda, mayi amene anamasulira zaka zambiri mpaka mawu anasasa. "Ukaimilila paja, nkhope si yako," anandiuza. "Abusa bakakalipa, kalipa. Bakalila, lila. Osafewetsa vinthu."

Nthawi imeneyo amayi anga anali atangochoka kwa atate, amene ankawamenya akaledzera. Tinkagona pansi kwa azakhali, ndipo mpingo wonse unkadziwa.

Lamlungu lina, malata akuotcha pamutu, abusa anayamba kudzudzula akazi othawa mabanja. Dzina sanatchule. Amayi anali pa benchi yachiwiri, diso likadali lotupa. Ndinayang'ana kukhomo, koma kunali kutali, maikolofoni ali m'manja, anthu onse akudikira pakamwa panga. Ndinachita mantha kuti ndikangokhala chete, maso onse atembenukira kwa amayi. Abusa anakuwa, nane ndinakuwa. Analoza chala, nane ndinaloza. Mpingo unayankha ameni, wina kumbuyo n'kufuula kuti, "Mwana uyu ali na moto!"

Pobwerera amayi anayenda patsogolo panga njira yonse, fumbi likutimata m'miyendo. Titayandikira kwa azakhali ndinalephera kupirira.

"Amai, sine ninakamba vija. Ni abusa."

"Ine chizungu sinimvela," anayankha mofatsa. "Ninamvela iwe."

Lachitatu lake anamanga katundu, tinabwerera kwa atate.

Lero ndimaphunzitsa pa yunivesite, ndipo kafukufuku wanga ndi wa akazi omasulira pa misonkhano ikuluikulu, aja amakhala m'tizipinda tagalasi kumbuyo kwa holo. Amandiuza momwe amasalazira mawu mtima ukuwawa, momwe amanenera kuti "ine" m'malo mwa bwana amene akunyoza akazi, kenako n'kupita kukamwa tiyi akumwetulira. Pophunzitsa ntchitoyi timati womasulira amangodutsitsa mawu a eni ake. Ine ndazindikira kuti womvera sasiyanitsa, amasunga mawu pamodzi ndi pakamwa pamene anawamvera. Amayi anakhala m'nyumba ija mpaka atate anamwalira, ndipo sindinalimbepo mtima kuwafunsa ngati akanabwerera kukanakhala kuti womasulira tsiku lija anali munthu wina.