Dokotala wa Nsomba wa ku Chorrillos

Eleuterio Ccanto anatsika kumapiri a ku Huancavelica ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atasenza thumba la mbatatesi zoumitsa ndi bulangete limene amayi ake analuka okha. Anafika ku Lima mwezi wa Julaye, kumwamba kuli mbuu ngati phulusa, kamvumbi kakungonyowetsa tsitsi. Anadikira sabata yathunthu kuti mvula yeniyeni igwe. Zaka zoposa makumi anayi zadutsa, akudikirabe.

Ntchito anaipeza kugombe la Chorrillos, pa kalesitilanti ka mayi Zoila Chumpitaz, pafupi ndi pamene asodzi amakocheza mabwato. Mayiwo anali aafupi, koma akakuwa mbalame za panyanja zinkabalalika. Ankagulitsa sevitche, chakudya cha nsomba zaziwisi zothira madzi a mandimu, ndipo mbiri yawo inafika mpaka ku Callao.

Tsiku lachitatu kunamveka kuti bwato lina labwera ndi nsomba zabwino. Mayi Zoila anavula epuloni, namusiyira Eleuterio beseni la nsomba zoduladula kale.

"Iwe wakumapiri, tamvera. Finyira mandimu, thira anyezi, tsabola ndi mchere. Anthu akabwera uwapatse. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

Anachita zonse monga anauzidwira. Kenako anayang'ana m'besenimo, mtima n'kumuuza kuti mayiwo ayiwala chinthu chachikulu chifukwa chofulumira. Kwawo ngakhale galu ankamuphikira. Pambali panali mphika wowiritsira mbatata, madzi ali bwatabwata. Eleuterio anakhuthuliramo beseni lonse, navundikira, nadziyamikira kuti wapulumutsa ulemu wa abwana ake.

Oyamba kufika anali asodzi atatu. Wamkulu wawo, bambo Fortunato, anazunguza supuni m'mbalemo, nanunkhiza.

"Achimwene, kodi pano pasanduka chipatala? Wadwala ndani?"

"Ndaphika, bambo. Zinali zaziwisi."

Phwete limene linabuka pamenepo linafika mpaka kumabwato. Mayi Zoila atabwera n'kuona nsomba zawo zitasanduka phala, anatola chipande, Eleuterio n'kuliyatsa liwiro mumchenga, nsapato imodzi n'kutsalira. Amene anamupulumutsa ndi Maruja, mwana wa mayiwo, amene anali ataseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi, musiyeni," anatero akupukuta misozi. "Munthu woopa kupha makasitomala mumupeza kuti ku Lima kuno?"

Kuyambira tsiku limenelo gombe lonse linkamutcha Dokotala.

Koma manja anali nawo. Anaphunzira kuzindikira nsomba ya lero poiyang'ana m'maso, kufinya ndimu pang'ono chabe kuti isawawe, ndi kudula anyezi wopyapyala ngati tsitsi. Anaphunziranso kukana kasitomala wobwera dzuwa litapendeka, chifukwa sevitche ya madzulo amadya ndi alendo okha. Patatha zaka zitatu anakwatira Maruja, ndipo anabereka mwana wamkazi dzina lake Nélida. Apongozi atamwalira, kalesitilanti kanatsala m'manja mwa awiriwo, ndipo anthu ankachoka ku Miraflores, dera la olemera, pa magalimoto awo kudzaima pamzere wa Dokotala.

Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti Dokotala anali asanalawepo mankhwala akewo. Iye ankasakaniza, Maruja n'kulawa. "Mchere pang'ono." "Tsabola wakwana." Masana ankakhala kuseri pa kreti, atafulatira nyanja, akudya mbatatesi zake ndi tchizi. Kasitomala akati, "Bwerani tidye limodzi, Dokotala," ankagwira pamimba n'kuyankha kuti, "Ndadya kale, bwana, m'mawa uja."

Zinayenda choncho zaka makumi atatu, mpaka chikondwerero china cha Petulo Woyera, tsiku limene asodzi amakweza chifanizo cha woyerayo m'bwato n'kuzungulira nacho panyanja. Anthu anali pikitipikiti, ng'oma ndi malipenga zikulira pagombe ponse. Tsoka ilo, Maruja anadzuka ndi chimfine, mphuno zitatsekeka ngati botolo.

Analawa beseni loyamba. "Mchere." Eleuterio anathira. Maruja analawanso. "Mulibe mchere umu." Anathiranso. Mbale yoyamba inapita kwa bambo Fortunato, amene tsopano anali nkhalamba ya mano awiri. Anatafuna kamodzi, maso n'kutuzuka.

"Dokotala, madzi a m'nyanja ndawamwa moyo wanga wonse osalipira. Lero mukundigulitsa?"

Beseni linatayidwa. Eleuterio anasakaniza lina, mzere ukunka nutalika. Maruja anamupatsa supuni.

"Lawani nokha, bambo a Nélida. Ine lilime lafa."

"Mayi a Nélida, mukudziwa kuti ine izi sindidya."

"Ndiye tiitane Petulo Woyera adzatilawire? Ali m'bwato, watanganidwa."

"Tipemphe kasitomala."

"Kuti gombe lonse lidziwe? Lawani, akulu inu, anthu akudikira!"

Eleuterio anayang'ana supuni ija ngati ikumuloza ndi mfuti. Anachita chizindikiro cha mtanda. "Zikavuta mukandiike kumapiri," anatero. "Mumchenga muno nkhanu zingandidye." Anatsinzina, nalowetsa m'kamwa.

Anakhala duu, osatafuna, osalavula. Kenako nsagwada zinayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Bwanji?" anafunsa Maruja.

"Sindinamve bwino." Anatunganso.

"Nanga pano?"

"Dikirani. Mbali iyi sindinalawe."

Maruja anapita kutsogolo kukapepesa anthu. Pobwerera anapeza mwamuna wake ataika beseni pamiyendo, thukuta la tsabola lili kamukamu, msuzi ukuyenderera m'chigongono. Nsomba zinali zitafika theka. Eleuterio anadzutsa mutu, maso ali psuu, osati ndi manyazi koma ndi mkwiyo.

"Mayi inu ndinu oipa mtima. Zaka makumi atatu osandiuza?"

"Ine? Tsiku ndi tsiku ndinkakuuzani!"

"Munkanena ngati nthabwala!"

Tsiku limenelo anatseka msanga, anthu ena n'kubwerera ndi njala. Nkhani sinabisike, poti bambo Fortunato anali atasuzumira kuseri n'kuona zonse. Pofika mawa lake ngakhale makondakitala a minibasi ankaidziwa.

Chaka chisanathe, Eleuterio amene anali wowonda ngati bango anaphuka mimba, mpaka Maruja analumikiza chingwe china pa epuloni. Nsomba zogula m'mawa zinayamba kutha nthawi isanakwane. Akafunsidwa, ankati akubweza zaka zimene anataya. Maruja anayesa kubisa masupuni, iye n'kumatungira chikamba cha nkhono. Anayesa kuyimika galasi loyang'ana kukhitchini, iye n'kupachikapo chipewa.

Mapeto ake anakhazikitsa lamulo limene likugwirabe ntchito mpaka lero. Eleuterio akamasakaniza, aziimba mluzu. Ndiye mukafika ku Chorrillos cha m'ma 11 koloko, mudzamva nyimbo za kumapiri zikuchokera kuseri kwa kalesitilanti kobiriwira, mluzu wosalala bwino wa nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zingapo. Makasitomala akale amadya khutu lili komweko. Mluzu ukangoduka pakati pa nyimbo, sadikira n'komwe kuti Maruja atembenuke. Mabenchi onse amakuwira pamodzi, "Dokotala!"

Kuseriko kumakhala zii kanthawi. Kenako mluzu umayambiranso, wonyowa pang'ono.