Chidebe cha alamu anga

Chaka chimene chuma cha dziko la Ireland chinagwa chagada, ine ndinapeza ganyu yotunga madzi. Anzanga atamva anaseka: mtsikana wa digiri, ulendo wonse uja wa pandege, n'kukathera kotunga madzi ngati ali pamjigo. Kufakitale ya mankhwala kumene ndinkagwira ntchito anali atatichotsa ambirimbiri, ndipo ganyu sasankha.

Ntchito yake inali yosavuta. Kamodzi pa sabata ndinkapita padoko la ku Balbriggan, n'kutsitsa chipaipi chachitali m'nyanja, kuthira madziwo m'botolo, kudonthezeramo mankhwala abulauni, n'kutumiza kulabotale pamodzi ndi nkhono zingapo za m'nyanja, zakuda zija za zigoba ziwiri. Kumeneko ankawerenga pamakina tindere tosaoneka ndi maso. Tina mwa tindereti tili ndi poizoni. Tikachuluka, nkhono zimatimeza, poizoniyo n'kukhazikika m'thupi mwake. Azungu amati nyanja yafiira, koma ine sindinaionepo itafiira. Madzi amaoneka abwinobwino, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Ndinkakhala kwa achemwali anga. Amuna awo, alamu anga, anali kalipentala, ndipo nyumba zimene ankakhoma zinangoima zopanda mawindo, udzu n'kumera pakhomo. Achemwali ankagwira ntchito kosamalira okalamba, choncho nyumba yonse inkadya thukuta lawo. Alamu anali munthu wanthabwala, koma miyezi imeneyo anangoti zii. Ankaperekeza ana awo aakazi awiri kusukulu, n'kubwerera kudzakhala pasofa.

Kenaka nkhalamba ina ya komweko inawaonetsa nkhono pamiyala, madzi akaphwera. Alamu anagula chidebe chabuluu. Ankabwera nacho chodzaza, n'kuzikazinga ndi anyezi ndi tomato, ana n'kumanyambita zala. Ndinaona kuti akamalowa ndi chidebecho ankayamba akhosomola pakhomo, monga ankachitira kale pochokera kuntchito. Ine sindinkadya nawo. Kwathu ku Dedza nkhono si ndiwo, ndipo kungoziona ndinkachita nseru.

Chapakati pa nyengo yotentha uthenga unabwera pafoni kuchokera kulabotale: poizoni wakwera, gombe lathu latsekedwa. Maboti a asodzi a nkhono anamangidwa padoko. Ndinawapeza alamu kuseri kwa nyumba akutsuka nkhono za tsikulo.

"Alamu, ma mussels awa muwasiye kaye. Ma results abwera, muli poizoni."

"Poizoni wanji, mlamu? Ndachokera komweko, madzi ali mbee."

"Saoneka ndi maso."

"Ndiye tiziviika. Kwathu ku Nkhotakota chinangwa chowawa, chopha mbuzi, timachiviika mpaka chimasanduka kondowole. Nanga tinkhono iti?"

"Ichi si chinangwa, alamu. Kaya muviike, kaya muwiritse mpaka gasi athe, poizoni ameneyu sachoka."

"Inu a ku Dedza chimene mumadziwa ndi mbatata basi," anatero alamu akuseka.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinawasiya pomwepo n'kukawauza achemwali, amene anali atangofika, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Iwo sanatalikitse nkhani. Anatsegula windo n'kunena kuti zinthu zimenezo zisalowe m'nyumba muno, ndipo ana asazikhudze. Ananena ndi mawu amene ankauzira ana kuti azimitse TV. Alamu ananyamula chidebe n'kukachiika m'kashedi.

Tonse tinayesa kuti nkhani yatha. Sitinadziwe kuti m'kashedimo alamu ankachita zimene anakula akuona: anaviika nkhono m'madzi amchere, kusintha madzi, kuwiritsa, kutaya msuzi, kuwiritsanso. Anaika imodzi palilime monga amalawira chinangwa, ndipo sinawawe. Ndiye ife titachoka, ana ali kusukulu, anadya mbale yonse okha. Ankafuna kuti akagona bwino, mawa lake atiuze kuti taonani, ana n'kuyambanso kudya.

Masana ndikuchokera kudoko ndinawapeza atakhala pansi pakhomo la chimbudzi, milomo ili gwaa, thukuta lili kamukamu. Anali atasanza ndi kutsekula m'mimba mpaka miyendo kukana. Ndinaitana takisi, ndipo kuchipatala anawaika diripu.

Ndinali nditakonza mawu ambiri, ndipo onse anali akuthwa. Ndinkafuna ndiwauze za samvamnkunkhu amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma alamu ndiwo anayamba, ndi mawu otsika.

"Sizimawawa, mlamu. Ndinalawa."

"Ndinakuuzani kuti si chinangwa."

Anayang'ana botolo la diripu. Kenaka anati, "Bola ndinayamba ine."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinaganiza za kamtsikana kawo kakang'ono, kaja kopyapyala ngati bango, ndipo ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira.

Atachira, chidebe chija achemwali anachisandutsa chokolopera. Alamu anabwerera pasofa. Koma sabata iliyonse ndikamatuluka ndi mabotolo anga ankandifunsa, "Madzi akuti bwanji, mlamu?" Ndinkayankha kuti akadali ndi poizoni. Sankatsutsanso. Nthabwala za mbatata nazo zinatha, ndipo ndinayamba kuzisowa.

Masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, uthenga unabwera woti poizoni watsika, gombe latsegulidwa. Ndinawaonetsa alamu pafoni. Anawerenga kawiri, n'kukatsuka chidebe ndi sopo.

Madzulo ake nyumba yonse inanunkhira anyezi. Alamu anabwera ndi poto patebulo, atakoleka kansalu paphewa, n'kutsegula chivundikiro. Mwana wamkulu anakankha mbale yake.

"No, Daddy. They made you sick."

Wamng'ono anaonera mkulu wake. Achemwali anati akhuta, anadya kuntchito. Alamu anaima pomwepo chipande chili m'manja, akuyang'ana mbale zopanda kanthu, ndipo ndinaona kuti akufuna kubweza chivundikiro.

Ndinatambasula mbale yanga.

"Mlamu, inu izi simudya," anatero.

"Lero ndidya. Madziwo ndinatunga ndine."

Anandipakulira zochepa. Ndinatsegula chigoba choyamba osayang'anitsitsa zam'katimo. Inali yoterera, yamchere. Ana ankandiyang'ana, achemwali nawonso. Ndinameza, n'kutenga yachiwiri.

"Zili bwanji?" anafunsa alamu.

"Mbatata ndiyabwino," ndinatero. "Koma onjezerani."